Tsiku limene tinabisa mabenchi

Mphekesera inatipeza tikukumba kachewere: katchalitchi kathu, kuseri kwa Tsangano, akufuna kukatseka, ife tizikapemphera ku tchalitchi chachikulu kutsidya kwa mapiri. Kuchepa tinali titachepadi. Achinyamata anathera ku Joni ndi ku Lilongwe, otsalafe tinkaimba ngati tikuyasamula. Ine mtima unandiwawa chifukwa cha amayi anga. Miyendo yawo inali itatha kale, kumapiriko sakanafikako.

Titamva kuti abusa atsopano akubwera kudzationa asanagamule, tinapangana nzeru zathu zakale. Mlendo umamulirira, ndiye amakusiyira malata. Mabenchi abwino tinakawabisa kunyumba kwa mkulu wa mpingo, n'kusiya othyoka okhaokha. Amayi a mvano tinavala zitenje zakutha. Ine ndiye madandaulo ndinachita kuwanola, pakamwa pangapa simupadziwa inu!

Abusa anafika pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Anakhala pa benchi yogwedera, nati, "Mavuto ndawaona ndi maso anga. Tandiuzeni za tsiku limene munathokoza Mulungu chifukwa cha mpingo uno."

Funso lotere sitinalikonzekere.

Kumbuyo kunadzuka bambo wina, mtchona amene anakhalitsa kumigodi n'kubwerako ndi chifuwa chokha. Mawu ake m'tchalitchi tinali tisanawamvepo.

"Abusa, mkazi wanga anamwalira ine kulibe. Pobwera ndimati ndipeza bwinja. Ndinapeza munda wolima, manda olambula, ana anga akupita kusukulu. Anachita ndi anthu awa. Ndipo mpaka lero palibe amene anandikumbutsapo."

Anakhala pansi akutsokomola. Basi, ngati watsegula khola! Wina anakumbuka chaka chimene kachewere anapsa ndi matenda, ife n'kugawana mbewu yotsala mpaka aliyense anadzala. Ine, mwini madandaulo, ndinapezeka ndikusimba mmene abambo a mumpingo ananyamulira amayi anga pamachira kupita kuchipatala, mvula ikukhuthuka. Misozi inanditsika, manyazi ndinalibe.

Nkhani zili mkati, mnzanga wina wa mvano, wosasunga chinsinsi chibadwire, anafuula: "Ngakhale mabenchi tili nawo abwino, tangowabisa!" Kalanga ine! Abusa anaseka mpaka kugwira m'mimba, mkulu wa mpingo nkhope ili pansi.

Atapukuta m'maso, abusa anati, "Polowa muno ndimati ndapeza maliro, ndimati nditseke ndithu. Mukanangodzitsekera nokha ndi kulira kwanuko. Amene munalera ana a mnzanu, simungalephere kudzutsa mpingo wanu. Sinditseka."

Amayi anga, amene anakhala pambali panga, makutu anali atayamba kuvuta. Anandikoka chitenje.

"Akuti chiyani, mwanawe?"

"Akuti sakutseka, amayi. Muzipemphera pompano."

Anayesa kudzuka, miyendo inakana. Ndiye anaimba nthungululu ali chikhalire, mpingo wonse n'kulandira.