Dothi Limene Tinamuikamo Fatsani

Ndinadzuka kusanache, khosi litauma chifukwa chogona pampando. M'nyumba ya mlongo wanga Fatsani ku Balbriggan, kuno kudziko la azungu, azimayi amene anachezera pamaliro anali atagona pakapeti, majekete atafunda pamwamba pa zitenje. Nyimbo tinali titazileka msanga, poti aneba a kuno sachedwa kugogoda pakhoma. Ndinayamba ndayang'ana foni. Kwa Amayi kunali zii.

Amayi anasiya kundiyankhula chimwalirire Fatsani. Iwo ankafuna kuti thupi lipite kwathu ku Tsangano, akagone pafupi ndi Ababa. Koma mwini wake, ali m'chipatala, ananena pamaso pa ine ndi mkazi wake kuti timuike konkuno, pamene ana ake azitha kufikapo. Wokawauza Amayi mawu amenewa ndinali ine, ndiye mkwiyo wonse unagwera ine. Anati ndikangomukwirira mwana wawo kwa eni, ndiwaiwale kuti ndi mayi wanga. Amayi athu akanena anena. Ndimawadziwa bwino, poti kuuma mutu ndinatengera kwa iwo omwewo.

Kuseri kwa nyumba, ophika anali atayatsa kale mbaula za gasi pansi pa tenti. Mphepo yochokera kunyanja inkangozimitsa moto, mpaka mayi wina anatchinga ndi makatoni uku akuitukwana ngati munthu. Fungo la anyezi linandibweza kale, masiku amene Fatsani anangofika kuno kudzaphunzira, ataonda ngati bango, akugona pansi m'kachipinda kanga ku Ballymun. Ine ndinkachokera ku shifiti yosamalira okalamba miyendo itatupa, n'kumupeza wapsereza mpunga, maso ali pakompyuta. Ndinkamukalipira zedi. Lero ndingakonde atandipserezeranso.

Lamlungu ankandikokera ku Dún Laoghaire kukayenda pakhoma lalitali lolowa m'nyanja, ndipo kumeneko n'kumene ankandiphunzitsa za ntchito yake, ndifune ndisafune. Ankati dziko limakoka chilichonse, koma silikoka mofanana paliponse. Pamene pansi pali thanthwe lolemera limakoka kwambiri. Pamene pali chigwa chakale chimene chinadzaza mchenga ndi matope limakoka mochepera, pang'ono penipeni moti munthu sangamve, koma makina amamva. Ndiye iye ankakwera kandege ndi makinawo kumapeto kwa dziko, ku Antarctica, n'kumauluka pamwamba pa madzi oundana, kupita n'kubwerera ngati akulima mizere, kuti adziwe zigwa zobisika pansi pake zimene diso silinaonepo. Ine ndinkamuseka kuti anzake akuphunzira udokotala, iye akukapima dothi la kumene kulibe ndi mbuzi yomwe. Ankangoseka, manja ali m'thumba.

Kutacha, kamvula kowaza kanayamba, ndipo anthu anayamba kufika. Ena anatsika sitima, ena anabwera pabasi akadali m'mayunifomu a kuntchito. Kunabwera ophunzira a kuyunivesite, kunabwera abale a mlamu wanga a ku Chipata, kunabwera ngakhale anthu amene tinasemphana nawo kalekale pa nkhani za mpingo. Ana ankapatsidwa moni m'Chichewa n'kumayankha m'Chingerezi. Azungu ogwira naye ntchito anaima pageti ndi mbale za masangweji, osadziwa polowera, kufikira mayi wina anawagwira mikono n'kuwakhazika pakati pa olira.

Tili pafupi kunyamuka, msuweni wathu anaimba pavidiyo kuchokera ku Tsangano. Nako anthu anali atasonkhana, akulira maliro opanda thupi. Amayi ndinawaona atakhala pamphasa, foni ataipatsa msana. Msuweniyo ananong'ona kuti Amayi sanamuuze kuti ayimbe, komanso sanamuuze kuti azimitse. Foniyo ndinaigwira m'manja osaizimitsa, kutchalitchi mpaka kumanda.

Titatuluka m'tchalitchi tinayenda pansi pambuyo pa galimoto ya maliro, monga amachitira eni dziko, koma ife tikuimba. Magalimoto anaima. Bambo wina wokalamba amene sitikumudziwa anavula chipewa pamvula pomwepo, osavalanso mpaka tonse titadutsa. Zinandikhudza mtima, abale.

Kumanda, abusa atapemphera, anapatsa mpata mayi wina wachizungu wa imvi amene ankapita naye Fatsani ku Antarctica, ndipo ine anandiuza kuti ndimasulire chifukwa cha akumudzi. Mayiyo anati makina aja ali ndi kasipuling'i kamene kamatamuka pang'onopang'ono tsiku likamapita. Choncho ndege isananyamuke amayamba apima itaima pamalo amodzi, ndipo ikabwerako iyenera kukaimanso pamalo omwewo kuti apimenso, aone mmene makina asokerera. Mukapanda kutero, ntchito ya tsiku lonse yapita pachabe. Anati Fatsani pa zimenezi sankanyengerera munthu. Kaya kuzizire motani, kaya anthu atope bwanji, ankaumirira mpaka ndege ibwerere pamene inayambira.

Ndili mkati momasulira ndinazindikira chimene ndikuwapatsa Amayi m'manja. Koma ndikanakhotetsa bwanji, anthu athu onsewo akumva zilankhulo zonse ziwiri? Ndinamasulira mmene zinalili. Pamenepo mawu a Amayi anatuluka m'foni, okwera, omveka mpaka kumbuyo.

"Nanga inuyo simukumubweza bwanji kumene anayambira?"

Kalanga ine! Mvula inkangogunda pa maambulera. Mlamu wanga anagwira ana ake n'kuwerama. Mayi wa imvi uja anandiyang'ana kuti ndimuuze zimene zanenedwa, koma sindinamumasulire. Abusa anayambitsa nyimbo, ndipo bokosi linatsika.

Kuno mwambo wake ndi wina. Mulu wa dothi amauphimba ndi chikapeti chobiriwira chonga udzu, anthu n'kumabalalika, ogwira ntchito pamanda n'kukwirira okha pambuyo. Azibambo athu anakana. Anati kwathu munthu sasiyidwa dzenje lili pululu, ndipo atakambirana ndi ogwira ntchitowo anapatsidwa mafosholo. Anavula majekete, n'kukoka chikapeti chija.

"Sendeza kuno ndione," anatero Amayi.

Ndinayang'ana foni. Anali atatembenuka, nkhope yawo itadzaza galasi lonse, maso otupa. Sankafuna kuona ine ayi, kapena bokosi. Ankafuna dothi. Amayi alima mbatata ya kachewere moyo wawo wonse, ndipo munda wa munthu amauweruza asanamupatse moni. Ndinagwada m'matope ndi chitenje changa chatsopano, n'kutapa dzanja limodzi. Anati ndifinye. Ndinafinya, linagwirana. Anati ndifikise ndi zala. Linali lakuda, lozizira, lokhala ndi timiyala ndi timizu ta udzu. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka chithunzi chinaima, foni n'kuduka. Sindinadziwe ngati inali netiweki kapena iwo. Dothilo ndinaliponya m'dzenje, ndipo mafosholo anayamba.

Tinabwerera kunyumba anthu n'kudya, ena chiimire chifukwa cha kuchepa kwa malo. Azungu aja anakhalitsa kuposa mmene ndinkaganizira, akuonetsa ana zithunzi za bambo wawo atavala chijekete chofiira, ndevu zitachita mbuu ndi chisanu, akuseka. Ine sindinathe kuziyang'ana. Dzuwa lisanalowe ambiri anali atathamangira sitima ndi mashifiti ausiku. Tenti anaigwetsa, mbaula anazinyamula.

Madzulo nyumba inakula. Mlamu wanga anakagona ndi ana m'chipinda chimodzi. Ine ndinatsala m'khitchini ndikupukuta mbale za eni zoti ndikabweze, ndikuganiza kuti tsiku limodzi lomweli ndaika mlongo wanga ndipo ndataya mayi. Ndinali wokwiya, ndisaname. Ndinakwiyira Fatsani pondisiyira katundu wotere, ndinakwiyira Amayi, kenaka mkwiyo unatha n'kutsala chisoni chokhachokha.

Foni inalira ndili ndi mbale m'manja. Sinali vidiyo. Moni panalibe.

"Dothi lija si loipa," anatero Amayi. "Koma lotero limatitimira mvula ikachuluka. Uzikayendera. Ukaona latsika ukawonjezere lina, mwana wanga asagone m'chithaphwi. Ndipo ukapitako uzindiuza."

Ndinati chabwino, Amayi. Ine ndinkamva nkhuku zawo zikulowa m'khola, iwo kaya ankamva chiyani kuno.

"Iwe," anatero, "chitenje chija wagwada nacho m'matope uchinyike lero lomwe. Chikagona sichiyeranso."

Ndinatsegula mpopi, foni ndili nayo pakhutu, ndipo iwo sanadule.