Dzino la Shaki pa Mbaula

Matipate atangoyamba, ntchito yanga yodula mitengo ya paini inatha, ndipo ndinayamba kugulitsa miyala m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba. Tinkayala masaka pansi n'kuikapo miyala yochokera ku Malosa, yakuda yosongoka ngati singano, ina yoonekera ngati galasi lofuka utsi. Pambali pathu pankakhala amayi a mabulosi ndi masitiroberi, komanso mayi wina wootcha chimanga pa mbaula. M'mawa nkhungu inkatsika kuchokera ku Mulunguzi, fungo la paini lili guu, ife tikupukuta miyala ndi malaya kudikira galimoto za alendo. Masiku amenewo phiri linali lisanamete.

Sukulu ndinaiyamba ndili ndi ana kale, ya kwacha, choncho kulemba ndinkakunyadira. Ndine ndinkalembera anzanga timapepala tosonyeza kumene mwala wachokera.

Chaka china kunabwera bambo wina wa ku Mozambique, wamtali, wa imvi za m'mbali. Anathawa nkhondo kalekale, ndipo anzake pobwerera iye anatsalira ku Chikanda chifukwa anakwatirako. Anayala saka lake kumapeto kwa mzere n'kukhuthula chitini. Munatuluka mano. Ena otuwa, ena akuda, onse olemera ngati mwala. Anati ndi a shaki, nsomba yolusa ya m'nyanja yamchere, ndipo anakhala m'nthaka mpaka kusanduka miyala.

Ndinayamba kukhala naye pafupi kuti ndizimulembera timapepala. Ife mwala tinkauona kukula ndi kunyezimira. Iye ankaona kumene wachokera.

"Lalikululi musalitame, achimwene," anandiuza tsiku lina. "Ndi la kugombe. Kumeneko aliyense amatola, ngakhale woledzera. Koma kakang'onoka ndinakapeza m'chigwembe kuseri kwa mudzi wathu, kumtunda, kumene amayi anga anamwalira osaionapo nyanja. Nsomba inakafuna chiyani kumeneko?"

Kanali kakuda, kosaposa chikhadabo. Ankakayala pamodzi ndi enawo kuti alendo aone, koma wina akakaloza ankangopukusa mutu.

Alendo ankaima nthawi yaitali pa saka lake, ndipo kung'ung'udza kunayamba. Amayi a mabulosi anati mano ndi zizimba, malo ake ndi kwa asing'anga kumsika. Anyamata anati wangosema mafupa a ng'ombe. Nkhani inafika kwa mdala amene anayamba malonda pamalopo, amene tonse tinkamumvera.

Ine ndinalephera kuvomereza nawo. Nthawi ya chipani chimodzi ndinaimapo pachipata cha msika kubweza anthu opanda khadi la chipani, ndipo nkhope zina zimandibwererabe. Kuona munthu akupinda saka lake chifukwa cha ife ndinadziwa kuti sindikwanitsa.

Mdalayo anabwera ndi ndodo yake n'kuima pamutu pa saka lija.

"Akulu, pano timagulitsa miyala. Chimene chinatafunapo chakudya si mwala."

"Bambo, chinatafuna kale, pano chinapuma," anayankha mnzanga wa ku Mozambique uja.

Ena anaseka, mdalayo ayi. Anati apinde saka atsike. Munthuyo kutauni analibe pena pogulitsira, ndipo kunyumba kwake ankadya za pa saka lomwelo.

"Madala, bwanji tifunse moto?" ndinatero ine. "Fupa likapsa limanunkha, tonse tikudziwa. Mwala sununkha."

Mdalayo anaganiza. "Chabwino. Likanunkha, atsika lero. Likapanda kununkha, akhala. Koma dzino ndisankha ine, asatipatse limene wakonzeratu."

Mayi wa chimanga anakana. "Pa mbaula panga? Mufuna ndiphe makasitomala?"

"Inu mayi, chimanga chanu chakhala chikuthyola anthu mano chaka chonse, lero chionane ndi dzino lenileni," anatero mnyamata wina, ndipo mayiyo anam'ponyera chitsononkho, kenaka anasuntha chimanga chake kumbali.

Mdalayo ananjuta. Dzanja lake linayenda pamwamba pa mano aja pang'onopang'ono, n'kukaima pa kakang'ono kakuda kaja. Anakatola, kukatembenuza. Mnzanga anayang'ana kumbali. Akanati apemphe kuti amusiyire, onse akanati chizimba chenicheni ndi chomwecho.

"Aka n'kachabechabe," anatero mdalayo, n'kukaponya pa saka. "Tiotche chimene chimupweteke mumtima."

Anatenga lalikulu lija, la kugombe, n'kuliika pakati pa makala.

Tinazungulira mbaula, azibambo ndi azimayi, aliyense mphuno patsogolo. Galimoto ya alendo inaima, iwo n'kumatiyang'ana, koma palibe anawathamangira. Mayi wa chimanga anakupiza ndi katoni. Dzino linayamba kusintha mtundu, kenaka linalira kuti thwa, n'kung'ambika pakati. Amayi awiri anathawira kuseri kwa mtengo.

"Nunkhizani," anatero mdalayo kwa mayi wina wa mabulosi, amene ankatsogolera kung'ung'udza.

Mayiyo anawerama, kukoka mpweya kawiri. "Ine ndikumva chimanga basi."

Mdalayo ananunkhiza yekha. Anatokosa zidutswa ndi ndodo, zinagwera pansi n'kulira ngati mbale yosweka.

"Ndi mwala," anatero. "Koma mwala wopusa. Wathu wa ku Malosa sukanasweka."

"Wanu sunasambirepo, bambo," anayankha mnzanga, ndipo ulendo uno mdalayo anaseka nawo.

Madzulo ake palibe anafuna chimanga cha pa mbaula ija. Mayiyo anadandaula kuti tamuonongera tsiku. Mnzanga anatenga chimanga chiwiri, china n'kundipatsa, ndipo tinadya tili pa saka lake, mvula ya chiperoni ikuyamba kuwaza.

Anagulitsa nafe pamalo pomwepo mpaka miyendo yake inayamba kukana kukwera phiri.