Mayi Amene Amuna Anga Amawamvera

Kuseri kwa nyumba yathu kumakhala mayi ena achikulire amene amapinda maparachuti kubwalo la ndege zazing'ono, kumene amuna anga amaphunzitsa anthu kudumpha kuchokera m'mwamba. Amayenda motsimphina, moni sapereka, ndipo chingwe chilichonse amachisisita ndi chala ngati akufuna nsabwe m'mutu mwa mwana. Mawu awo ndi amodzi: "Kumwamba kulibe telala."

Chimene chimandiwawa n'chakuti bambo a kwathu amawamvera. Koma ine ndikangoti avule nsapato pakhomo, mkangano wake mpaka mawa.

Tsiku lina ndinapita kukaonerera. Ndege italira kale, mayiwo anawagwira bambowo pa lamba wa pachifuwa, n'kuloza pomwe ulusi unayamba kusomoka.

"Vula. Lero sukwera."

Ophunzira awo akuyang'ana, bambo ndi ndevu zawo anavula mwakachetechete ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga.

Ndinawatsatira mayiwo kuti ndikathokoze, koma pakamwa panatuluka zina.

"Mayi, munawadyetsa chiyani kuti azikumverani chonchi?"

Anaseka, manja ali pa zingwe.

"Palibe, mwanawe. Iweyo akakunyozera, amangogona ndi njala. Ine akandinyozera, wovala zakuda ndiwe."