Getsi la nsomba za a Miti

Ku Kapata, kuseri kwa msika, kunali zenera limodzi limene linkawala mbee ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Imeneyo inali nyumba ya amake Irene, dzina lawo Sesiliya, ndipo ine ndinakhala nawo moyandikana zaka zambiri.

Amuna awo, a Gabrieli Miti, anali okonza magetsi. Mwini sitolo wina amene ankamugwirira ntchito, posamukira ku Lusaka, anawasiyira thanki yagalasi ya nsomba pamodzi ndi getsi lake, babu lalikulu limene a Miti ankalitchula kuti halaidi. Anzawo akuweta nkhuku, iwo n'kumaweta tinsomba tofiira tosakwana ndi ndiwo za mwana. Tinkawaseka, iwo osatekeseka. Getsilo analipachika ndi tcheni pamwamba pa thanki, ndipo choki yake, kabokosi kolemera kamene kamalira ngati njuchi, anaikhomera pakhoma.

A Miti anamwalira mu 1994, mvula itangotha. Maliro atatha, abale awo anabwera ndi lole kuchokera ku Chipangali kudzatenga za m'bale wawo, monga zinkachitikira masiku amenewo. Ndikakumbukira, mtima umandiwawabe. Ananyamula mipando, bedi, makina osokera, mpaka mapoto. Thanki inawakanika kulemera. Koma a Benson, mng'ono wa malemu, diso lawo linali pa getsi. Choti akaliyatsire kumudzi kwawo, kumene kunalibe ndi mtengo umodzi womwe wa magetsi, ankachidziwa okha.

Anathimitsa swichi kuti alimasule, kenako anaganiza zoliyesa kaye. Anayatsa, zii. Anathimitsa n'kuyatsanso, zii, choki yokha ikung'ung'udza.

"Mulamu, lapsa kapena?"

"Limachita choncho," anatero amake Irene, maso ali pansi.

Sananame ayi. Getsi la mtundu umenewu likathima lili lotentha, siliyakanso mpaka litazizira, ndipo iwo ankadziwa bwino lomwe. A Benson anatsonya, swichi n'kuisiya yoyatsa, lole n'kumapita. Ine ndinalowa ndi mphasa yoti akhalepo. Tili phee m'chipinda chopanda kanthu, babu linayamba lokha, kobiriwira pang'ono, kenako kuyera pang'onopang'ono mpaka nsomba zonse zinaoneka. Mayiwo analira pamenepo kuposa mmene analirira kumanda.

Irene, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali pabanja ku Kitwe, wobwera mwa apo ndi apo. Amake anayamba kugulitsa mtedza pamsika, koma mtima wonse unali pa getsi lija, ntchito yokhayo ya manja a amuna awo imene inatsala m'nyumbamo. Magetsi akangothima m'tauni, ankandisiyira mtedza, poti nanenso ndinkagulitsa pamsikapo, n'kuthamangira kunyumba kukathimitsa swichi, kuti akabwera mwamphamvu asalipweteke. Babu sankaligwira ndi zala, koma ndi kansalu koyera. Powonjezera madzi amene ankauma ndi kutentha, ankathira chapansipansi kuti dontho lisalumphire pagalasi lotentha. Ndere ankapala ndi lezala. Amayi a m'mphakati wathu wa kutchalitchi poyamba ankabwera kudzacheza, koma munthu ukulankhula naye, iye khutu lili ku choki, nawenso umatopa. Mapeto ake ndinatsala ine ndekha wolowa m'nyumbamo, nanenso si masiku onse.

Mu 1997 kuwala kunayamba kufiirira. Getsi linkathima lokha, kupuma, kuyakanso, kuthimanso. Amake Irene anakulunga babu m'chitenje n'kuzungulira masitolo onse a m'Chipata. Kwina ankawauza kuti akayese ku Lusaka, kwina ankangolitembenuza n'kuwabwezera. Anaitana a Paulo, amene ankagwira ntchito ndi malemu. Iwo anasintha kachipangizo kena kotchedwa kapasita, anaona mawaya onse, kenako anawauza mosabisa kuti choki ili bwino, koma babu lakalamba, ndipo ukalamba wa babu sukonzedwa. Anamangapo getsi la chubu wamba, longa la m'maofesi.

Sabata imeneyo mayiwo sanapite kumsika. Ankati nsomba zinazolowera getsi la a Miti, mwina zifa, ndiye anakhala pamphasa kuzidikirira. Koma nsomba zinkadya monga kale. Madzi anasiya kutentha, ndere zinachepa, nsomba ina mpaka inaswa tiana tambirimbiri.

Nditamva za tianato ndinalowa ndi chimwemwe changa chonse.

"Mwaonatu amake Irene, mumadandaula chabe. Zili bwino izi."

"Zili bwino," anatero, akuyang'ana m'thankimo. "Ine ndinkayesa kuti nazonso zizindikira kuti lachoka."

M'mawa mwake anatenga dengu lawo la mtedza n'kubwerera kumsika.