Dzanja la Bambo Linali la Yohane

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinaganiza zosiya kumva. Tinkakhala kwa Wimbe, ndipo bambo ankalima fodya wa bale. Mng'ono wanga Yohane anadwala malungo aakulu ali wakhanda. Anachira, koma makutu anatsekeka. Sankamva, sankayankhula.

Ine bambo ankandiitana ali patali. "Simiyoni, mbuzi!" "Simiyoni, madzi!" Ndinkayankha kuti wawa, n'kuthamanga. Yohane sankaitanidwa. Bambo ankanyamuka okha, kupita pamene iye ali, n'kumugwira paphewa. Munthu wamkulu, woopedwa mudzi wonse, kunyamukira mwana.

Nyengo yosankha fodya ndiyo inkandiwawa kwambiri. M'mamawa, masamba akadali ofewa ndi chinyezi, bambo ankakhala m'chigafa ndi Yohane pakati pa miyendo yawo. Ankagwira zala zake n'kuziyendetsa patsamba kuti adziwe lopepuka ndi lokhuthala, labwino ndi lowola. Akalondola, ankamusisita m'mutu. Anali ndi chiyankhulo chawochawo cha manja, ndipo ankaseka awiriwiri. Ine ndinkadutsa ndi mtolo wa mikangala, fumbi la fodya likundiyetsemulitsa, wopanda wondiyang'ana. Woyamba kubadwa ndinali ine.

Tsiku lina bambo anaitana, ine ndinangokhala. Anaitananso. Ndinapitiriza kusema kamtengo kanga. Mutu sindinautembenuze. Kenako ndinamva mapazi, ndipo dzanja lija linatera paphewa panga. Linali lolemera, lokhakhala, lonunkhira fodya. Ndinaloza khutu n'kupukusa mutu.

Mayi analira. Anandithira mafuta ofunda m'makutu, akunena kuti, "Ambuye, onse awiri? Ndinalakwanji ine?" Bambo anangondiyang'ana nthawi yaitali.

M'mawa mwake anandikhazika m'chigafa pambali pa Yohane. Ndinakondwa. Tili pakati pa ntchito, anayankhula motsitsa mawu kumbuyo kwanga, ngati akuuza mayi.

"Amake Simiyoni, mbuzi zija zalowa m'munda wa mtedza wa eni ake."

Ndinadzambatuka. Ndinazindikira ndili kale pakhomo la chigafa. Mbuzi zinali phee pazingwe zake.

"Gonthi wathu wachira," anatero bambo. "Mafuta anu ndi amphamvu, amake."

Ndinadikira chikwapu. Sichinabwere. Anatenga thonje, n'kunditseka makutu onse awiri, n'kumanga chitenje cha mayi mozungulira mutu wanga. Asanamange mfundo anati, "Wasirira za mnzako. Zitenge zonse, osati zokoma zokha."

Analamula kuti aliyense asandiyankhule mpaka dzuwa litalowa. Thonje silitseka zonse, koma linandikwanira. Anthu ankatsegula pakamwa ngati nsomba. Aganyu anaseka, ine osadziwa ngati akuseka ine. Galu anandidutsa kumbuyo, ndinalumpha ndi mantha. Masana, anthu onse anapita kukadya, ine ndinatsala ndikumanga ndindi za fodya, poti kuitana sindinakumve. Amene anabwerera kudzandikoka malaya anali Yohane. Analoza pakamwa pake, kenako kunyumba. Sanandiseke.

Sindinayesenso. Koma ndisaname kuti nsanje inatha. Yohane anakula n'kukhala katswiri wosankha fodya, mabelo ake sankabwezedwa ku okushoni, ndipo bambo mpaka imfa yawo ankamutchula iye poyamba. Ine ndinalima wanga, ndinamanga nyumba ya malata, ndinaphunzitsa ana. Palibe anandisisita m'mutu.

Tsopano tonse ndife nkhalamba. Mdzukulu wanga Tadala anabadwa wosamva. Asanakwane zaka ziwiri, madokotala a mumzinda anamuchita opaleshoni n'kumuika kachipangizo mkati, kuseri kwa khutu. Kena kamakhala kunja, kamamatira pamutu ndi maginito, kamayendera batire. Akuti mwana akachedwa kukalandira, kuyankhula kumavuta. Amake amamuphunzitsa mawu tsiku ndi tsiku, ndipo ntchitoyo si yamasewera.

Atabwera naye kumudzi, anthu anadzaza pakhonde. Amake anaima kumbuyo n'kuitana, "Tadala." Mwana anatembenuka. Amayi a ku Mvano anayamba nyimbo. Ine ndinayang'ana Yohane. Nkhope ija ndinaidziwa, chifukwa ndinaivala ubwana wanga wonse. Anamuyandikira mwanayo, n'kukhudza kachipangizo kaja ndi nsonga ya chala. Analoza khutu lake, akundifunsa ndi maso. Ndinapukusa mutu. Kwa iye nthawi inapita kalekale.

Anakhala pansi. Patapita kanthawi anandigwira bondo. Anakoka ndevu zapachibwano, chizindikiro chathu cha bambo, kenako anagwira pakhosi n'kutambasula manja. Ankafunsa kuti mawu a bambo ankamveka bwanji.

Ndinayesa. Ndinaloza kumwamba kumene kumagunda mabingu. Si zimenezo. Ndinamenya pachifuwa. Si zimenezonso. Manja anga analephera.

Lero ndikudziwa kuti bambo anatigawira zimene aliyense akanatha kulandira. Ine ndinkati ndamanidwa, chonsecho dzina langa ndinalimva likutuluka pakamwa pawo tsiku lililonse, ngakhale linali lotumidwa mbuzi. Yohane, amene ndinamuchitira nsanje moyo wanga wonse, sadziwa n'komwe kuti dzina lake limamveka bwanji.