Tsiku limene tinakankha otomatiki ya amalume

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 8, mafuta a galimoto akusowa paliponse, amalume anga a Lameki atangogula galimoto ya otomatiki, yosintha magiya yokha. Tinkakhala m'malaini, nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi cha ku Masambanjati. Amayi ankathyola tiyi, ndipo amalumewo, amene anali mlongo wawo wamkulu, anali akapitawo oyang'anira othyola. Bambo anali atamwalira kale, choncho chilichonse chokhudza ine chinkayamba chadutsa kwa amalume, monga zimakhalira kwathu.

Asanagule otomatikiyo anali ndi chipikapu chakale cha manyuwo, chosintha magiya ndi dzanja, chimene ankanyamulira nthochi kupita nazo ku Bvumbwe. Batire lake linafa ine ndisanadziwe n'kuwerenga komwe, ndipo sanaonepo chifukwa chogulira lina. Ankachiimika pamwamba pa malaini chitaloza kumtsetse, m'mawa ana n'kuitanidwa kuti tikakankhe. Chikathamanga pang'ono ankasiya kilachi, chipikapu n'kutsokomola, n'kulira, n'kutisiya tikumeza utsi. Panjira, akafika pamtsetse uliwonse ankachotsa giya n'kuzimitsa injini kuti asawononge mafuta, galimoto n'kumatsetsereka yokha mwakachetechete, kumunsi n'kuiliza ndi giya. Luso limeneli ankalinyadira kuposa ana awo obereka.

Otomatiki itabwera, anzawo a pagolosale sanachedwe kuwaseka. Ankati imeneyo ndi galimoto ya azimayi, imamwa mafuta ngati chidakwa, ndipo mapiri a ku Thyolo ikawakwera mwezi umodzi idzakhala itawadyera malipiro onse. Zinawalowa mumtima. "Womwa mafuta si galimoto, ndi dalaivala," ankayankha choncho. "Mudzaona nokha."

Chaka chomwecho sukulu ina ya mishoni ya atsikana, yogonera konko, inalengeza mayeso olowera Folomu 1. Mayesowo ankalembedwa tsiku limodzi lokha, ndipo amene achita bwino kwambiri amishoni ankawaphunzitsa ulere. Aphunzitsi athu anapereka dzina langa. Kwa mwana wa mayi wothyola tiyi, khomo lolowera sukulu yotero linali lomwelo basi, ndipo ndinkalifuna ndi mtima wanga wonse. Amayi anakonza zoti tidzalawirire wapansi mpaka kumsewu waukulu n'kukwera minibasi. Amalume atamva anakwiya ngati atukwanidwa.

"Mwana wa mlongo wanga akwere minibasi ine ndili ndi galimoto? Anthu anena kuti chiyani?"

Amayi anathokoza, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsikulo kunacha ndi chifunga, kamvula kowaza kakunyowetsa masamba a tiyi. Ndinavala yunifolomu imene amayi anaisita dzulo lake ndi simbi ya makala, ndipo ndinakhala kumbuyo nditagwira mapensulo anga ndi manja awiri. Amalume atapotokola kiyi, injini inabuula, n'kubuulanso, kenako inalira mokakamizika. Amayi anandiyang'ana, n'kuyang'ana mlongo wawo.

"Achimwene, ili bwinobwino imeneyi?"

"Ndi kuzizira chabe. Tsekani chitseko."

M'malo molowera kumsewu waukulu, anakhotera kanjira kachidule kodutsa m'minda ya tiyi, kamene kamayenda mathirakitala okha, chifukwa ankati kuzungulira n'kutaya mafuta. Tisanapite patali tinafika pamtsetse wautali wotsikira kumtsinje. Anakankhira chogwirira cha magiya pa chilembo cha N, n'kuzimitsa injini. M'galimoto munangoti zii, kumamveka matayala okha akuponda matope. Anatembenuka akumwetulira. "Mwaona? Apa sikumwa ngakhale dontho. Mukawauze aja a pagolosale."

Titayandikira kamlatho kakumunsi ndinaona mwendo wawo wakumanzere ukupondaponda pansi, kufunafuna kilachi pamene palibe. Anakokera chogwirira chija pa D, koma injini sinayankhe. Galimoto inaoloka mlatho, inakwera pang'ono tsidya linalo, n'kuima. Anapotokola kiyi, ndipo tinangomva kakuti tiki tiki. Batire linali lofooka kale, amalume osafuna kugula lina, ndipo mphamvu yake yotsala inali itathera pakhomo paja.

Amalume sanade nkhawa ngakhale pang'ono. Moyo wawo wonse galimoto yokana kulira mankhwala ake anali kukankha, ndipo okankha sankasowa. Anatuluka n'kuimba likhweru. Azimayi ndi azibambo amene ankathyola tiyi chapafupi anatula madengu awo n'kutsika, chifukwa akapitawo akaitana sukana, ngakhale ukudziwa kuti malipiro ako ali pa kulemera kwa tiyi amene wathyola tsikulo. Tinaigwira kutsogolo, n'kuikankha chobwerera m'mbuyo kukwera mtunda womwe tinatsika uja. Titafika pamene iwo anati pakwana, analowa, tinaikankhira kumunsi, inathamanga mpaka pamlatho, ndipo inaima chete monga poyamba.

Panalibe ndi mmodzi yemwe pakati pathu amene ankadziwa kuti otomatiki silira ndi kukankha. Tonse tinakulira pa mathirakitala ndi malole a esiteti, ndipo tinkakhulupirira kuti chilichonse cha matayala anayi chimamvera mtsetse. Amalume anati vuto ndi liwiro lochepa, tiikweze pamwamba kwambiri.

"Achimwene," anatero amayi motsitsa mawu, "bwanji ife titsogole wapansi, inu mutipeza?"

"Mukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa anthu anga? Ilira pompano. Iwe Esinati, siya kuima ngati mlendo, gwira apo."

Ndinagwira. Tinakweza, tinatsitsa, tinakwezanso. Chifunga chinayamba kuyera, dzuwa n'kutuluka pamwamba pa mabulugama, ndipo ndinkangoyang'ana mmene likukwerera, nthawi ya mayeso ikuyandikira. Ulendo wina ndinaterereka n'kugwa chafufumimba, dothi lofiira n'kudzaza yunifolomu kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo. Amalume anasuzumira pawindo n'kunena kuti ana a masiku ano alibe mphamvu. Apo m'pamene amayi anandigwira dzanja osapemphanso chilolezo, tinayamba kukwera wapansi.

Koma kanjira kachidule kaja kanali katatitaya pakati pa esiteti, kutali ndi msewu waukulu kuposa mmene kunalili kuchokera kunyumba. Tinathamanga m'mizere ya tiyi, mame akutinyowetsa mpaka m'chiuno. Minibasi tinaipeza, koma inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Pofika kusukulu kuja, geti linali lotseka. Mlonda anakaitana sisitere wina wachikulire, amene anandiyang'ana matope anga mwachifundo n'kuuza amayi kuti pepala loyamba latha kale, lachiwiri lili mkati, ndipo sangalowetse munthu. Amayi anagwada pamiyala yapageti, koma sizinathandize. Kudzera m'mawindo ndinkaona mitu ya atsikana anzanga itawerama, akulemba mayeso amene ndinawakonzekera chaka chonse.

Pobwerera tinakweranso minibasi. Titatsika, amayi anati, "Ndinaimva m'mawa muja kuti galimoto ija siili bwino. Ndikanangokugwira dzanja pakhomo pomwe paja." Ndinali nditawakwiyira nawonso, chifukwa anaona zonse koma anasankha ulemu.

Tinapeza galimoto ili pakhomo, yotsukidwa bwino. Thirakitala ya esiteti inali itadutsa masana, analumikiza mawaya kubatire lake, ndipo galimotoyo inalira nthawi yomweyo. Amalume anali pakhonde ndi anzawo aja, akufotokoza nkhani yonse mokoma, anthu akuseka mpaka kugwira m'mimba. Chigamulo chawo chinali chakuti otomatiki ndi galimoto yopanda nzeru, ndipo ikanakhala manyuwo bwenzi italira pakukankha koyamba. Za batire limene sanafune kugula, za injini imene anaizimitsa okha, sanatchule. Atandiona ndi matope anga anangoti, "Usalire iwe, sukulu n'zambiri." Mawu akuti pepani sanatuluke tsikulo, ndipo sanatulukepo mpaka lero.

Ndinakaphunzira pa sekondale yoyendera cha ku Khonjeni, ndinamaliza movutikira, ndipo lero ndimagwira ntchito ku Limbe. Abale amati popeza zinayenda, ndiiwale. Sindiiwala, ndipo sindiona chifukwa choiwalira. Kuntchito azibambo akayamba kukangana kuti yosunga mafuta ndi iti pakati pa manyuwo ndi otomatiki, ndimangomva mkwiyo ukukwera. Mwina n'zoona kuti manyuwo akale ankamwa pang'ono, ine si makaniko. Chimene ndikudziwa n'chakuti mafuta amene amalume ankasunga ankalipiridwa ndi anthu ena: ana okankha m'mawa, othyola tiyi amene madengu awo anapepuka tsiku lija, ndi ine. Ndinaphunziranso kuti munthu wamkulu akamateteza ulemu wake ndi tsogolo lako, sudikira kuti akuloleze kuchoka. Mwana wanga wamkazi ndimamuuza zimenezi mosabisa, ngakhale wamkuluyo atakhala ine.

Amalume anakalamba tsopano, maso sakuonanso bwino, koma nkhani ya otomatiki yokana mtsetse amaikambabe pa maukwati ndi pamaliro, ndipo anthu amasekabe. Posachedwapa ndinawasiya amalize, kenako ndinawafunsa pamaso pa onse ngati akukumbukira kumene tinkapita tsiku limenelo. Anaganiza kwa nthawi, akukanda kumutu.

"Kodi si ku Bvumbwe, kumsika?"

Amayi anawerama n'kuyang'ana pansi. Ine sindinawerame. Ndinawauza kumene tinkapita, ndipo panalibe amene anaseka.