Teremu Yachiwiri ya Anasi

Anasi anasiyira sukulu sitandade fili, kwawo ku Phalombe, chaka chimene mphunzitsi anamuthyolera rula pazala chifukwa cholemba ndi dzanja lamanzere. Chala chimodzi chinapola chokhota. Ndi chala chomwecho chimene wakhala akusokera fodya pa esiteti ina ya ku Chiosya, chitsikireni m'lole ya matenanti pamodzi ndi mwamuna wake Goliati, mwana ali kumsana. Mwanayo ndi Linda, amene chaka chino ali sitandade faifi.

Sitandade faifi ndi kalasi imene Chichewa amachisiya pakhomo ngati galu, zonse n'kuyamba kubwera m'Chingerezi. Linda ankabwera nazo kunyumba zili zosapsa, ndipo kuti azimve yekha ankayenera kuyamba wazimasulira mayi ake. Choncho masana aliwonse Anasi ankalowa sukulu yakeyake m'chigafa, momwe amayanikamo fodya. Anaphunzira kuti theka la theka ndi kota. Anaphunzira kuti mtsinje wa Bua umayambira m'boma lomwe lino, kuti phando la chimanga limafuna mbewu imodzi, ndiponso kuti bala lotuluka magazi umalipanikiza ndi nsalu, suthirapo dothi. Za Yosefe wogulitsidwa ndi abale ake ankazidziwa kale kutchalitchi.

"Zimenezo ndiye ndikanakhala nambala wani," anatero. "Nanga za mtima zija anati bwanji?"

"Anati ndi pampu, amayi."

"Pampu ngati ya njinga? Ndiye bambo akowa yawo inaphwa kalekale."

Koma teremu yachiwiri imagwa pamodzi ndi fodya. Amene anakonza kalendala ya sukulu sanathyolepo tsamba. Likayamba kuchita chikasu silidikira munthu, ndipo tenanti alibe antchito ena koma amene anabereka yekha.

"Mawa asapite," anatero Goliati. Anali munthu wamfupi ngati chitsa, wamtima wapachala.

"Bambo a Linda, mayeso ayandikira."

"Mayeso adzadya? Ndati asapite."

Linda anazemba m'mawa mwake. Goliati anamupeza panjira ya kumjigo, n'kumukoka ndi kolala ya yunifolomu mpaka kumunda, akumukwapula ndi mkangala, ndodo ija amapachikapo fodya. Mwanayo anathyola masamba tsiku lonse miyendo ili mizeremizere. M'chigafa munangoti zii masana amenewo, ndi masana ena otsatira. Anasi ankasoka yekha, mutu uli papampu ija, imene nkhani yake inathera panjira.

Anakadandaula kwa mayi Veronika, mbadwa ya m'deralo, amene amatsogolera gulu la amayi oyang'anira ana pasukulupo.

"Asisi, kuno ana ojomba sitilimbana nawo ife," anatero mayi Veronika akupukusa mjigo. "Timatuma zilombo."

"Za gule? Sizimupweteka mwana?"

"Zimangoopseza basi. Mwana amathamanga yekha mpaka m'kalasi. Inu mudzangogwada chapatali, bambowo adzalowe m'nyumba. Aliyense amadziwa zimenezo."

Aliyense wa kuno, inde. Anasi sanamuuze Goliati. Kwawo gule ankangomuona pa misonkhano ya ndale, akuvinira alendo, ndipo iye anaganiza kuti mwamuna wake adzathawa monga amathawira anthu onse.

Zilombozo zinafika m'mawa, mame asanaume. Zinali ziwiri, thupi lonse matope, kumutu nthenga, m'manja zikwapu. Ana a matenanti anabalalika ngati anapiye, ena kuthamangira kusukulu opanda ndi kope lomwe. Linda anataya masamba n'kukuwa, chilombo chimodzi chili pambuyo pake, chikwapu chikulira m'malere.

Goliati sanaone chilombo. Anaona munthu wamwamuna akuthamangitsa mwana wake ndi chikwapu. Anatola mkangala womwe uja, n'kudutsa m'mizere ya fodya ngati nguluwe. Anachimenya m'nthiti, chinagwa. Anachikhalira pachifuwa, n'kugwira nthenga zija ndi manja onse awiri, n'kuzula.

Pansi pake panali nkhope ya mnyamata, mphuno ikutuluka magazi, maso ali mwaa. Amayi a m'mudzi amene anatsatira kudzaonerera anagwa chafufumimba, kubisa maso m'zitenje. Nkhope imeneyo siyenera kuonedwa ndi mkazi, mwana, kapena aliyense wosalowa gule. Chilombo chinzake chinalira kulira kumene Anasi sanakumvepo chibadwire, n'kuthamangira kunkhalango.

"Thawani, bambo a Linda," anatero Anasi.

"Ndithawe pakhomo panga?"

Dzuwa lisanafike pamutu zinabwerera zili gulu, fumbi lokhalokha. Kapitawo wa esiteti anadzitsekera mu ofesi. Goliati anaima pakhomo la chigafa ndi mkangala wake, ndipo anagwetsa chimodzi. Kenako zinamukwirira. Anasi anamva fupa likuthyoka ngati phesi louma. Anadziponya pamwamba pa mwamuna wake, chikwapu n'kumung'amba msana kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Zina zinakankha nsanamira, chigafa chonse n'kugwada pansi pamodzi ndi fodya wa m'mwamba. Zitakhuta zinapita.

Goliati anagona chagada, mkono wamanja utapindikira kumene mkono supindikira, pamutu pakutumphuka magazi. Anasi anatapa dothi lodzaza dzanja, monga ankachitira mayi ake. Linda anamumenya padzanja, dothi n'kumwazika.

"Osathira dothi, amayi."

Mwanayo anathamangira m'nyumba, n'kubwera ndi yunifolomu yake. Anaing'amba ndi mano, anaipinda, n'kuipanikiza pabalapo ndi mphamvu zake zonse. Sanachotse manja mpaka ngolo inafika yopita nawo kuchipatala.

Goliati anabwerako ndi pulasitala mpaka m'khwapa. Pofika pakhomo anali atamva kale amene anaitana zilombo, pakuti mayi Veronika atapita kukamuzonda anapepesa mopitirira. Anamupeza Anasi atakhala pansi pa chigafa chimene anachiimikanso chopendekeka, singano yosokera fodya ili m'manja.

"Ndiwe unaziitana."

"Ndine."

Anakweza dzanja lamanzere. Anasi sanaphethire. Anangotembenuza singano ija, nsonga kuloza kumwamba.

"Menyani ndi lotsalalo, tione amene akuthyolereni fodya."

Dzanjalo linakhala m'mwamba kanthawi, kenako linatsika lokha.

"Tsopano ndiye asapitenso," anatero Goliati. "Manja atsala ako okha."

"Apita. Msana wangawu sunang'ambikire fodya."

Linda anapita, atavala diresi la kutchalitchi, ndipo analemba mayeso onse. Anasi ankathyola yekha, bala likumatirira ku bulauzi, utomoni wa fodya utadetsa manja mpaka m'zigongono. Mizere ya kumapeto inapsera m'munda, masamba kuwauka ali pamtengo, ndipo kapitawo ankadutsa akupukusa mutu. Goliati ankangokhala m'chigafa atafulatira, osalankhula ndi munthu.

Koma makutu alibe chitseko. Masana ena Linda anali kufotokozera mayi ake za mafupa, kuti a m'nthiti amatchinga pampu ija ngati mpanda, kuti lililonse lili ndi dzina lake m'Chingerezi. Goliati anakhosomola.

"Nanga langa lathyokali amati chiyani?" anafunsa, nkhope ili kukhoma la udzu.

Linda anayang'ana mayi ake asanayankhe.

"Sitinafike pa mkono, ababa. Aphunzitsi ati zimenezo ndi za teremu yachitatu."

Anasi anabaya singano paphata la tsamba, n'kukoka chingwe ndi chala chake chokhota chija, n'kutola tsamba lina.